Mafunso a Owerenga: Chaka cha 1959, Nyasaland Ali m'Chitaganya

Makalata ambiri amene afika ku ofesi yathu kuno ku Blantyre mwezi uno akufunsa za chaka cha 1959. Tasankhapo asanu ndi atatu, ena tawafupikitsa. Oyankha ndi aphunzitsi a mbiri ya dziko lino amene amatithandiza pa tsamba lino.

FUNSO: Kusukulu timaphunzira kuti Nyasaland linali dziko lotetezedwa ndi Britain, ndipo azungu okhazikika kuno anali ochepa. Nanga bwanji ena amati mu 1959 tinkalamulidwa ndi azungu a ku Salisbury? Ankalamulira ndani kwenikweni? Wophunzira wa Fomu 4, Zingwangwa.

YANKHO: Zonse ziwiri n'zoona, mwana wathu, ndipo mavuto a chaka chimenecho anagona pomwepo. Nyasaland linali dziko lotetezedwa kuyambira 1891. Bwanamkubwa, amene mu 1959 anali Sir Robert Armitage, ankakhala ku Zomba ndipo bwana wake anali nduna ya ku London yoyang'anira maiko olamulidwa ndi Britain, Alan Lennox-Boyd. Koma kuyambira 1953 dziko lino linamangidwa pamodzi ndi Southern Rhodesia ndi Northern Rhodesia m'Chitaganya, likulu lake ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Nduna yaikulu ya Chitaganya inali Sir Roy Welensky, amene analowa m'malo mwa Godfrey Huggins mu 1956.

Ntchito za boma anazigawa motere. Zomba inatsala ndi apolisi, ma DC ndi mafumu, malo, ulimi wa anthu akuda ndi sukulu za ana akuda. Salisbury inatenga asilikali, zipatala, positi, kasitomu, zolowa ndi kutuluka m'dziko, maphunziro apamwamba, sukulu za ana a azungu ndi amwenye, komanso msonkho wa pa malipiro ndi phindu la makampani, umene Nyasaland ankagawiridwako 6 pa 100 iliyonse. Uonetsetse mbali ya asilikali. Apolisi akalephera, Bwanamkubwa ankayenera kupempha asilikali kwa Welensky, ngakhale a Keyala (King's African Rifles) amene kampu yawo inali pa Zomba pomwepo. Ndipo munthu wakunja amene Salisbury sakumufuna, kaya m'busa kaya phungu wa ku Britain, ankatha kuletsedwa kuponda Nyasaland.

Azungu kuno sankafika 10,000, pamene anthu akuda anali pafupifupi 3 miliyoni. Ku Southern Rhodesia azungu anali oposa 200,000, ankadzilamulira okha kuyambira 1923, ndipo lamulo lawo la malo la 1930 linawapatsa pafupifupi theka la dzikolo. Nyumba ya malamulo ya Chitaganya inayamba ndi mipando 35. Ya anthu akuda inali 6, iwiri mwa iyo ya Nyasaland, pamene panakhala Wellington Manoah Chirwa ndi Clement Kumbikano. Lamulo la 1957 linakweza mipando kufika 59, ya akuda n'kukhala 12. Kuti munthu wosapita patali ndi sukulu alembedwe m'kaundula wamkulu wa ovota, ankayenera kumapeza mapaundi 720 pa chaka, ndalama imene wothyola tiyi ku Mulanje sakanaiona ngakhale atathyola zaka 20.

Ku Zomba nako, nyumba ya malamulo ya 1956 inali ndi akuda 5, osakhala akuda 6, otsalawo akuluakulu a boma. Asanu aja, mwa iwo Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, sanasankhidwe ndi anthu wamba koma ndi makhonsolo a zigawo. Choncho azungu a minda ya tiyi ndi fodya, ndi atsogoleri awo monga loya Michael Blackwood wa mu Blantyre muno, anali ochepa ndithu, koma kumbuyo kwawo kunali Salisbury ndi mfuti zake.

FUNSO: Chitaganya chinayamba mu 1953. N'chifukwa chiyani zinthu zinadikira mpaka 1959 kuti ziphulike? Bambo wa ku Bangwe.

YANKHO: Sizinadikire, bambo. Mu 1953 momwemo boma linachotsa pampando Inkosi Gomani Philip ya ku Ntcheu chifukwa chouza anthu ake kuti asamvere malamulo a ulimi pokana Chitaganya, ndipo zipolowe zimene zinayambira ku Thyolo mu Ogasiti zinaphetsa anthu 11. Kungoti pambuyo pake Nyasaland African Congress, imene inakhazikitsidwa mu 1944, inafooka kwa zaka zingapo.

Chimene chinathamangitsa aliyense ndi chaka cha 1960. Malamulo a Chitaganya ankati padzakhale msonkhano wowaunikanso, ndipo mu Epulo 1957 boma la Britain linagwirizana ndi Welensky kuti msonkhanowo udzachitike mu 1960. Welensky sankabisa cholinga chake: Chitaganya chidzilamulire chokha, London ichotse dzanja. Zikanatero, chitetezo cha Britain chimene mafumu ndi Kongeresi ankadalira chikanathera pomwepo.

Ndipo anthu anali ataona kale kuti chitetezocho n'chosadalirika. M'nyumba ya malamulo ya Chitaganya munali komiti yotchedwa African Affairs Board, yokhala ndi mphamvu yotumiza ku London lamulo lililonse losala anthu akuda. Inatero kawiri, pa lamulo lokweza mipando la 1957 ndi pa lamulo la zisankho la 1958, ndipo kawiri konse London inavomereza malamulowo. M'busa Andrew Doig, mzungu wa mishoni amene ankaimira zofuna za akuda a Nyasaland, anatula pansi udindo wake mu 1958.

Kongeresi inaona kuti njira yatsala imodzi: akuda achuluke m'nyumba ya malamulo ya ku Zomba 1960 isanafike, kuti okaimira Nyasaland kumsonkhano uja akanene poyera kuti tikutuluka. N'chifukwa chake achinyamata a Kongeresi monga Chipembere ndi Chiume anaitana Dr Hastings Kamuzu Banda. Anatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958, ndipo mu Ogasiti msonkhano wa ku Nkhata Bay unamusankha kukhala mtsogoleri. Dunduzu Chisiza anakhala mlembi wamkulu, Chipembere msungichuma, Chiume wofalitsa nkhani. Nthambi zinachuluka m'maboma onse, koma zokambirana ndi Armitage pa za mipando sizinkasuntha.

Banda atabwera ku msonkhano wa ku Accra wa Disembala 1958, zinthu zinayenda mothamanga. Pa 24 Januwale 1959 nthumwi za Kongeresi zinakumana mu Blantyre, ndipo tsiku lotsatira zinakumananso kutchire, Banda palibe. Mu Febuluwale nthambi zinkachititsa misonkhano popanda chilolezo, apolisi n'kumanga atsogoleri, khamu n'kupita kupolisi kapena kundende kukawatulutsa. Ku Fort Hill, komwe lero ndi Chitipa, anthu anatseka bwalo la ndege. Pa 20 Febuluwale Armitage anakakumana ndi Welensky ndi atsogoleri ena a Chitaganya ku Salisbury, ndipo asilikali anayamba kufika pa ndege. Lord Perth, nduna ya ku London imene inkayembekezeka kudzakamba za mipando ija, ulendo wake unaimitsidwa. Khomo la zokambirana linatsekedwa masiku ochepa 3 Malichi isanafike, ndipo analitseka ndi a boma.

FUNSO: Agogo anga a ku Thyolo sankadziwa kuwerenga, koma ankanena monyadira kuti anali a Kongeresi. Nkhani za mipando ya ku Salisbury zinkawakhudza bwanji anthu akumudzi? Mayi wa ku Chilomoni.

YANKHO: Zikomo mayi, funso lanu ndilo lofika pa mtima wa nkhaniyi. Agogo anu sankafuna nyuzipepala kuti adziwe ulamuliro wa azungu a minda, ankauona pakhomo pawo. Panali zinthu ziwiri, thangata ndi malimidwe.

Tiyambe ndi malo. Kuyambira 1892 Harry Johnston, amene ankayendetsa dziko lino m'malo mwa Britain, anapereka kwa azungu ndi makampani zikalata zaumwini wa malo okwana maekala pafupifupi 3.7 miliyoni. Gawo lalikulu linali kumpoto, koma malo amene anapweteka anthu kwambiri anali a nthaka yabwino ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu, Zomba ndi Blantyre, kumene kunali makampani monga British Central Africa Company ndi A. L. Bruce Estates ya ku Magomero, komwe kunagwera nkhondo ya John Chilembwe mu 1915. Lamulo la 1928 linati wokhala pa esiteti alipire lendi m'njira imodzi mwa zitatu: ndalama, kugwira ntchito kwa mwini malo, kapena kulima mbewu monga fodya n'kuigulitsa kwa mwini malo yemweyo. Ntchitoyo inkafunika nthawi ya dzinja, pamene munda wa munthu mwini ukufuna kupalira. Mwini malo ankaloledwa kuthamangitsa banja limodzi pa mabanja 10 alionse zaka zisanu zilizonse. Mnyamata akakwana zaka 16 ufulu wokhala pa esiteti unkatha. Mkamwini sankaloledwa kumanga nyumba kwa mkazi wake popanda chilolezo cha mwini malo, m'dera limene Alomwe, Amang'anja ndi Ayao amakwatira chikamwini. Taganizirani, mayi, mwana wanu wamkazi wapeza banja, koma woti avomere kuti mkamwini azike nsichi pakhomo panu si inu, si malume ake, si nyakwawa, koma mzungu wa esiteti kudzera mwa kapitawo wake.

Tinene chilungamo kuti pofika 1959 boma linali litagula malo ambiri a maesiteti n'kukhazikapo anthu, kutsatira lipoti la Sir Sidney Abrahams la 1946, ndipo thangata linali litachepa. Koma amuna masauzande ambiri a kuno anali atagwirako ntchito ku Halale ndi ku Joni kudzera ku Mthandizi ndi Wenela, mabungwe olemba anthu ntchito zakunja. Anaona ndi maso awo zitupa, malokeshoni ndi anthu akusamutsidwa pa nthaka ya makolo awo. Akabwerera kumudzi ankauza abale kuti Chitaganya chidzabweretsa zomwezo kuno. Palibe DC amene akanatsutsa umboni wotere.

Malimidwe ndiwo anafika ngakhale kumene kunalibe esiteti. Makamaka itatha njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri madera ozungulira Blantyre monga Lunzu, boma la Bwanamkubwa Geoffrey Colby linakhwimitsa malamulo a ulimi. Matutu analetsedwa, aliyense alime mizere yopingasa. Pamalo otsetsereka akumbe milambala. Asalime m'mphepete mwa mtsinje. Munda ukhale utakonzedwa pofika tsiku loikidwa ndi boma, ndipo mapesi a thonje ndi fodya azulidwe n'kutenthedwa pofika tsiku lakenso. Zina mwa izi ndi ulimi wabwino umene alangizi amaphunzitsa mpaka lero. Cholakwika chinali njira yake. Kukumba milambala ndi ntchito yowawa ya m'chilimwe nthaka ili gwa, ndipo m'midzi yambiri inkagwera amayi popeza amuna anali ku Halale. M'nthaka ya mchenga ya ku Chigwa cha Shire mizere sinkathandiza n'komwe. Wolephera ankakokedwera kubwalo la mfumu kukalipa faindi kapena kukalowa m'ndende, nthawi zina mbewu zake n'kuzulidwa. Mfumu yoweruza milandu imeneyi inkadana ndi anthu ake, yokana kuweruza inkaika mpando wake pachiswe. Kongeresi itafika n'kunena kuti kapitawo wa malimidwe, mwini esiteti ndi Welensky ndi chingwe chimodzi, anthu ngati agogo anu anagula khadi.

FUNSO: Ndimaphunzitsa za 3 Malichi chaka chilichonse koma ndimangonena kuti anthu anamangidwa, ena anaphedwa. Tandilongosolereni mwatsatanetsatane mmene zinayendera. Mphunzitsi wa ku Ndirande.

YANKHO: Aphunzitsi, yambani ndi lamulo. Armitage analengeza kuti dziko lili pa ngozi pakati pa usiku wa pa 2 kuchera pa 3 Malichi. Chilengezocho chinamupatsa mphamvu zothetsa Kongeresi pamodzi ndi mabungwe ake a amayi ndi achinyamata, kuletsa misonkhano, kuletsa kuyenda usiku, ndi kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu. Zikalata zotsekera zinali za mitundu iwiri: cha masiku 28, ndi chosainidwa ndi Bwanamkubwa chimene chinalibe tsiku lotulukira.

Ntchito yomanga anthu anaitcha Operation Sunrise, pa mndandanda panali maina 208. Magulu a apolisi, asilikali ndi azungu wamba olembedwa upolisi wapadera ankafika pakhomo kusanache. Banda anamugwira kunyumba kwake ku Limbe ali m'zovala zogonera, anyamata ogona panja pomulondera anamenyedwa, ndipo anapita naye ku Chileka n'kumukweza ndege. Iye, Chipembere, Dunduzu Chisiza ndi mkulu wake Yatuta anakatsekeredwa ku Gwelo, komwe lero ndi Gweru. Ena ambiri anapita ku ndende ya Khami pafupi ndi Bulawayo, ena ku kampu ya Kanjedza ku Limbe. Chiume anapulumuka chifukwa anali kunja kwa dziko. Auzeni ana anu kuti anthu otetezedwa ndi Britain anakasungidwa m'ndende za dziko la azungu limene ankalikana lija.

Boma linkaganiza kuti likachotsa atsogoleri anthu akhala chete. Zinachitika zosiyana. Kulikonse kumene mbiri inamveka kuti atsogoleri agwidwa, anthu ankasonkhana kukawafuna, n'kukumana ndi asilikali ochepa, amantha, ambiri osadziwa chilankhulo kapena dera.

Zoopsa kwambiri zinachitika ku Nkhata Bay. Sitima ya Mpasa inkatolera omangidwa a kumpoto kuti ikawatsitse ku Chipoka, kumene kuli njanji. Itakocheza pa Nkhata Bay khamu linapita kudoko kukafuna abale awo. DC John Brock anali ndi apolisi ochepa ndi kagulu ka asilikali achizungu a Royal Rhodesia Regiment otsika m'sitimamo, ndipo asilikali ena amene ankawayembekeza pa msewu anachedwa. Khamu litakana kubalalika, DC anapereka mphamvu kwa asilikali aja ndipo anaombera. Lipoti la boma linawerenga akufa 20. Anthu a ku Nkhata Bay eni ake amawerenga oposa pamenepo. Anthu amenewa analibe mfuti.

Masabata otsatira asilikali anayendera midzi, makamaka ku Misuku, Karonga, Mulanje ndi madera ena a pakati. Anthu ankagwetsa mitengo m'misewu ndi kuononga milatho, asilikali n'kukakamiza mudzi wonse kukonza, kulanda nkhwangwa, zikwanje ndi mikondo, kutentha nyumba za oganiziridwa kuti ndi a Kongeresi. Madera ena analipitsidwa faindi ya onse pamodzi, wolakwa ndi wosalakwa yemwe. Manambala oti ana alembe ndi awa: akuda ophedwa 51 malinga ndi boma, otsekeredwa popanda mlandu oposa 1,300, ogamulidwa m'makhoti pa milandu ya nthawi imeneyo oposa 2,000. Mzungu wophedwa panalibe ndi mmodzi yemwe.

FUNSO: Ena amati boma silikanachitira mwina chifukwa Kongeresi inakonza chiwembu chopha azungu, amwenye ndi mafumu. Kodi chiwembucho chinalipodi? Bambo wopuma pa ntchito, Namiwawa.

YANKHO: Nkhani imeneyi, bambo, inachokera ku nthambi ya apolisi ofufuza mwachinsinsi, ya Special Branch. Iwo ankati pa msonkhano wa kutchire wa pa 25 Januwale anagwirizana kuti tsiku limene Banda adzagwidwe adzapha Bwanamkubwa, ma DC, apolisi ndi ena. Ambiri mwa akazitape opereka nkhaniyi sanali pa msonkhanopo, ankanena zakumva. Armitage mwini sanatchule za chiwembu polengeza za ngozi pa 3 Malichi. Anazitchula ndi nduna za ku London m'nyumba ya malamulo tsiku lomwelo, Julian Amery mpaka kuyerekeza ndi zimene zinachitika ku Kenya.

Otsutsa boma ku Britain atakakamira, nduna yaikulu ya Britain Harold Macmillan anatumiza komiti yofufuza, mtsogoleri wake jaji Patrick Devlin, pamodzi ndi Sir Percy Wyn-Harris, Sir John Ure Primrose ndi Edgar Williams. Anafika mu Epulo, anayendera zigawo zonse zitatu, anamva akaidi a ku Kanjedza, Khami ndi Gwelo. Lipoti lawo linatuluka pa 23 Julayi 1959.

Tiyenera kulinena lonse, osati mbali yotikomera yokha. Devlin anapeza kuti kutchire kuja kunakambidwadi za kumenya ndi kupha, ndipo Kongeresi inali itatsamira ku njira ya chiwawa monga kutseka misewu ndi kudula mawaya a telefoni. Anavomereza kuti pofika kumapeto kwa Febuluwale boma linkayenera kuchitapo kanthu kapena kutula pansi ulamuliro. Sanamupeze wolakwa DC wa ku Nkhata Bay, chigamulo chimene ife sichitikhutiritsa. Koma anapeza kuti dongosolo lenileni lopha anthu mwachiwembu panalibe, ndipo Banda sanadziwe za chiwembu chotere. Anapeza kuti apolisi ndi asilikali anagwiritsa ntchito mphamvu mosatsata lamulo pomenya anthu ndi kutentha nyumba. Anati kukana Chitaganya kunali kozama ndiponso pafupifupi kwa aliyense, zimene zinagwetsa bodza la boma loti ndi ophunzira ochepa chabe amene akusokoneza anthu. Ndipo analemba kuti Nyasaland, ngakhale mwina kwa kanthawi, linali dziko lolamulidwa ndi apolisi, kumene munthu sakanayerekeza kuyamikira mfundo za Kongeresi.

Boma la Macmillan linakwiya. Linaitanitsa Armitage ku Britain kuti athandize kulemba yankho lotsutsa, limene linatuluka tsiku limodzi ndi lipotilo, ndipo pa 28 Julayi aphungu a chipani cholamula anavomereza mbali zokomera boma zokha. Yankho lathu ndi lakuti mkwiyo unalipo, mawu oopsa analankhulidwa, koma umboni woonekeratu ndi wakuti Banda atagwidwa, tsiku lomwe ankati kudzakhala kuphana lija, onse amene anafa anali akuda.

FUNSO: Kodi zimenezi zinachitika ku Nyasaland kokha? Wowerenga wa ku Machinjiri.

YANKHO: Ayi. Southern Rhodesia ndi imene inayamba, pa 26 Febuluwale. Nduna yake yaikulu Edgar Whitehead inathetsa Kongeresi ya kumeneko n'kumanga anthu pafupifupi 500, ena mwa iwo ochokera kuno, dziko lili phee, pofuna kuti asilikali ake apezeke omasuka kubwera ku Nyasaland. Ku Northern Rhodesia chipani cha Kenneth Kaunda, Zambia African National Congress, chinaletsedwa mu Malichi momwemo. Phungu wa ku Britain John Stonehouse, amene anali pa ulendo wobwera kuno, anathamangitsidwa m'Chitaganya. Ndipo pa 3 Malichi pomwepo ku Kenya alonda a kampu ya Hola anamenya mpaka kupha akaidi 11. Hola ndi Nyasaland zinafika pamodzi pa tebulo la Macmillan chisankho cha ku Britain chili pafupi.

FUNSO: Timangomva maina a amuna. Amayi ndi mipingo anali kuti? Mayi wa Mvano, Soche.

YANKHO: Analipo, mayi. Rose Chibambo, amene nkhope yake ili pa K200, ndiye ankatsogolera bungwe la amayi a Kongeresi. Pa 3 Malichi anali woyembekezera, choncho anamudikira mpaka atachira, kenako n'kumutsekera ku ndende ya Zomba ndi khanda lake. Vera Chirwa nayenso anatsekeredwa. Kumidzi amayi ndiwo ankakumana maso ndi maso ndi asilikali amuna atathawira kumapiri, ndiwonso anasunga mabanja a otsekeredwa amene malipiro awo anaima.

Sinodi ya Blantyre inali itatulutsa kale chikalata chodzudzula Chitaganya mu 1958, ndipo ambiri otsekeredwa anali akhristu ndi aphunzitsi ake, monga Willie Chokani wa pa sukulu ya HHI. Ku Livingstonia boma linafuna kusamutsa amishoni achizungu poti moyo wawo uli pa ngozi. Iwo anakana, n'kuyala miyala pa kapinga kulemba Aefeso 2:14 kuti a m'ndege awerenge, ndime yonena za Khristu wogumula khoma lolekanitsa anthu. Mu Meyi msonkhano waukulu wa Church of Scotland unapempha kuti mphamvu ziperekedwe kwa anthu akuda a Nyasaland. Si mipingo yonse inalankhula chotere, ina inasankha kukhala chete.

FUNSO: Ngati Kongeresi inathetsedwa ndipo atsogoleri anali m'ndende, zinatheka bwanji kuti patangopita zaka ziwiri anthu omwewo apambane chisankho? Bambo wa ku Chirimba.

YANKHO: Armitage ankayembekeza kuti atsogoleri akakhala m'ndende nthawi yaitali padzatuluka andale ofatsa ovomera Chitaganya. Anaonjezera mipando ya akuda osankhidwa ndi iye mwini, ena awiri n'kuwaika m'khonsolo yake yoyendetsa boma. Anthu sanawatsatire. Chipani cha T. D. T. Banda, amene anali mtsogoleri wa Kongeresi Kamuzu asanabwere, nachonso sichinakope anthu. Kumanga anthu mwachisawawa kunafikitsa Kongeresi m'mabanja amene kale sankalabadira ndale, ndipo akalaliki ndi aphunzitsi a boma amene anatsekeredwa anatuluka ali andale okhwima, atadziwana bwino m'ndende.

Lamulo linaletsa Nyasaland African Congress, koma silinaletse kuyambitsa chipani china. Loya Orton Chirwa, atatulutsidwa mu Ogasiti, anaona mpata umenewu. Pa 30 Seputembala 1959 anakhazikitsa Malawi Congress Party, nanena poyera kuti akungosungira Banda mpando. Mlembi wake anali Aleke Banda, mnyamata wa zaka 20 amene anatsekeredwako ku Khami n'kuthamangitsidwa ku Southern Rhodesia. Chaka chisanathe anayambitsa nyuzipepala ya Malawi News, ndipo nthambi zakale za Kongeresi zinangosintha makhadi.

Ku London nako kunasintha. Macmillan atapambana chisankho cha pa 8 Okutobala anaika Iain Macleod m'malo mwa Lennox-Boyd. Macleod anaona kuti komiti ya Monckton, yoikidwa kukonzekera msonkhano wa 1960 uja, siingamve maganizo a Nyasaland mtsogoleri amene anthu akumufuna ali ku Gwelo. Anayamba kukakamiza Armitage kuti atulutse otsekeredwa mwamsanga, Welensky ndi azungu a kuno akukana kwamtuwagalu.

Chaka cha 1959 chinatha Banda akadali m'ndende, mazana a anthu akadali ku Kanjedza. Mu Januwale 1960 Macmillan anafika mu Blantyre, ndipo anthu onyamula zikwangwani anakamuchingamira pa Ryall's Hotel, pamene anakankhana ndi apolisi atolankhani a ku Britain akuona. Banda anatulutsidwa pa 1 Epulo 1960, malamulo a ngozi anachotsedwa mu Juni, ndipo msonkhano wa ku Lancaster House mu Julayi ndi Ogasiti unapatsa akuda mipando yochuluka ku Zomba. Chipembere ndi a Chisiza awiri anatuluka mu Seputembala. Pa chisankho cha pa 15 Ogasiti 1961, Malawi Congress Party inatenga mipando 22 mwa 28, kuphatikizapo yonse 20 ya kaundula wa anthu wamba, pamene United Federal Party ya Welensky inapeza 5.